Kodi Covid-19 inathamangitsa omvera wailesi, kapena inawabweretsa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina amene amagwira ntchito mongodzipereka pa wailesi ya m'dera lakwawo. Akuti anawerenga pa intaneti kuti mliri wa Covid-19 unagwetsa chiwerengero cha omvera wailesi, pomwe abwana ake amalumbira kuti chaka cha 2020 ndi chimene mafoni a omvera ankalira kuposa kale lonse. "Ndiye woona ndani?" wafunsa choncho. Akufunanso kudziwa ngati mapologalamu anasinthadi.

Achemwali, onse awiri sakunama. Kungoti akukamba za mayiko osiyana, ndipo zimene munawerengazo si zakwathu kuno.

Ku America wailesi imamvedwa kwambiri m'galimoto. Munthu akamapita kuntchito m'mawa ndi pobwerera madzulo, ndi pamene wailesi zimakolola omvera, ndipo malonda otsatsidwa nthawi imeneyo ndi amene amadula. Kumeneko kampani ya Nielsen imapatsa anthu ena a m'mizinda ikuluikulu kachipangizo koyenda nako, kamene kamazindikira kokha wailesi imene ikumveka pafupi ndi munthuyo. Maofesi atatsekedwa mu Malichi 2020, misewu inangoti zii, ndipo timakina timeneti tinaonetsa kuti omvera a m'mawa achepa. Otsatsa malonda nawo anathawa, ndipo anathawa mwaliwiro kuposa omverawo. Kampani ya iHeartMedia, yomwe ili ndi wailesi zoposa 800, inapeza pafupifupi theka chabe la ndalama zimene inapeza chaka chapitacho m'miyezi ya Epulo mpaka Juni. Nkhani zambiri za pa intaneti zonena kuti wailesi yagwa zinachokera pamenepa.

Ku Britain kunachitika zina zoseketsa pang'ono. Bungwe la RAJAR, limene limawerengera omvera, linkadalira anthu oyenda khomo ndi khomo kupempha mabanja kuti azilemba zimene amvera sabata yonse. Mliri utafika, kugogoda pakhomo pa munthu kunaletsedwa, kuwerengako n'kuima. Ziwerengero zatsopano zinadzatuluka mu Okutobala 2021, njira yowerengera itasinthidwanso. Ndiye taonani, dziko lolemera ngati limenelo, nthawi imene aliyense ankafunitsitsa kudziwa ngati anthu akumvera, sikelo inali itapachikidwa.

Tsopano tibwere kwathu. Choyamba kukumbukira n'chakuti Amalawi sitinatsekeredwe m'nyumba. Boma la a Peter Mutharika linalengeza kuti dziko lili pangozi pa 20 Malichi 2020, sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Koma m'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo unaimitsidwa ndi khoti lalikulu kutatsala tsiku limodzi, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakatenga chiletso, mavenda atachita kale zionetsero m'matauni. Minibasi zinapitiriza kuyenda, misika inali yotsegula, wakumunda ankapitabe kumunda. Ndipo ngakhale m'bindikirowo ukanachitika, omvera athu ambiri samvera wailesi m'galimoto. Amamvera pakhonde, kudimba, pagolosale, mu saluni, kapena pa kafoni kam'manja kolumikiza timahedifoni kuti FM igwire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse ili ndi wailesi, pomwe nyumba zopitirira pang'ono theka zili ndi foni. Womvera wotere mliri sunamuchotse pamalo pake.

Abwana anu akamati mafoni ankalira, ine ndikuwakhulupirira. Koma ndikanakhala nawo pafupi ndikanawafunsa kuti ankalira chifukwa cha chiyani. Chaka cha 2020 chinali chaka cha ndale zotentha. Mlandu wa chisankho unkaulutsidwa pa wailesi kuyambira mu 2019, anthu n'kumatsatira mafunso a maloya ngati mpira. Pa 3 Febuluwale 2020 chigamulo chinawerengedwa tsiku lonse mpaka usiku, anthu ataunjikana pa wailesi m'misika ndi m'madepoti. Kenako kampeni, kenako chisankho chobwereza pa 23 Juni. Miyezi yoyamba ya mliri inagwera m'kati mwa zonsezi. Munthu amene akukuuzani kuti omvera anachuluka pakati pa Malichi ndi Juni chifukwa cha kolona, mufunseni kuti walekanitsa bwanji khutu lofuna za matenda ndi khutu lofuna kumva a Chakwera ndi a Mutharika.

Komanso kuchuluka kwa mafoni si kuchuluka kwa omvera. Aliyense amene anakhalapo mu situdiyo amadziwa kuti oimba foni ndi omwewomwewo, mpaka muulutsi amawazindikira mawu asanatchule dzina. Ziwerengero za omvera kwathu kuno zimachokera ku kafukufuku wofunsa anthu kuti amakonda wailesi iti, ndipo munthu amayankha zimene akukumbukira. Nthawi ya mliri kafukufuku wambiri ankachitika pa foni, zomwe zikutanthauza kuti agogo a kumudzi opanda foni, omwe wailesi yawo sizima, sanafunsidwe.

Kumene kusintha kunaoneka ndi maso ndi ku mapologalamu, ndipo apa ndikhalitsapo.

Sukulu zitatsekedwa, Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuulutsa maphunziro a pulayimale pa MBC. Nzeru yake sinali yachilendo, chifukwa pologalamu ya Tikwere inali itaphunzitsa kale ana a makalasi oyambirira kudzera pa wailesi kwa zaka zingapo. Kusiyana kwake n'kwakuti Tikwere inkamvedwa m'kalasi, mphunzitsi ataima pambali pa wailesi n'kumatsogolera ana. Mu 2020 mwana anali yekha. Taganizani za nyumba imene wailesi yake ndi foni ya bambo: bambowo akanyamuka kupita kumsika, sukulu yapita nawo m'thumba la malaya. Kwina wailesi ilipo koma mabatire ndi osungira nkhani za madzulo. Kwina phunziro likuyamba mwana ali pamzere kuchigayo. Ndimayamikira amene anakonza maphunzirowa, koma anthu a m'tauni amene ankati "ana akuphunzira pa wailesi" ankalankhula ngati kuulutsa ndi kumva n'chinthu chimodzi. Sukulu zinadzayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala, kuyambira ndi makalasi a mayeso.

Mapemphero nawo anasamukira pa mphepo. Chiwerengero cha osonkhana chitachepetsedwa, wailesi ngati Radio Maria, Trans World Radio ndi Radio Islam zinasanduka tchalitchi ndi mzikiti wa anthu okalamba amene ana awo ankawaletsa kutuluka. Olengeza zamasewera ndiye anavutika kwambiri. Ligi ya ku England inaima pakati pa Malichi n'kudzayambanso pa 17 Juni, pomwe TNM Super League inadikira mpaka kumapeto kwa chaka. Masana a Loweruka ndi Lamulungu anadzazidwa ndi nyimbo komanso kukumbutsana zigoli zakale, ndipo makampani amene ankathandiza kuulutsa mpira analibe chifukwa cholipirira.

Mu situdiyo momwe munasintha. Mlendo amene kale ankabwera n'kukhala moyang'anizana ndi muulutsi anayamba kulankhula pa foni, mawu akudukaduka, muulutsi n'kumangoti "tikukumvani, pitirizani" pomwe sakumva kanthu. Siponji ya pa maikolofoni inkapoperedwa mankhwala munthu aliyense akachoka. Atolankhani anazolowera kutumiza malipoti pa WhatsApp m'malo mokwera minibasi kubwera ku ofesi, ndipo chizolowezi chimenechi sichinathe ngakhale mliri unapita, poti n'chotchipa.

Ngati mukufuna nthawi imene Amalawi anatsegula wailesi chifukwa cha matenda enieniwo, ndi Januwale 2021. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Anthu amene ankati kolona ndi matenda a azungu anangoti kukamwa yasa. Panabwera lamulo loti pofika 9 koloko usiku aliyense akhale ali kunyumba, malo omwera mowa azitseka msanga, sukulu zinatsekedwanso. Pamenepa ndi pomwe madzulo a Mmalawi anasinthadi, ndipo a Chakwera ankalankhula ku mtundu Lamulungu madzulo. Zisankho zinali zitapita. Wotsegula wailesi nthawi imeneyo ankafuna kumva kuti lero apezeka angati, amwalira ndani, mpweya wa okosijeni ulipo kapena watha.

Katemera atafika mu Malichi 2021, ntchito ya wailesi inakhala yolimbana ndi mphekesera za pa WhatsApp, zoti ukabayitsa subereka kapena walandira chizindikiro cha chilombo. Apa wailesi za m'madera ngati yanuyo, a Dzimwe ku Mangochi, a Mudzi Wathu ku Mchinji ndi anzawo, zinali ndi mwayi umene wailesi zazikulu zinalibe. Zinkatha kuitana mfumu kapena mlangizi wa zaumoyo amene omvera amakumana naye pachitsime, n'kulankhula m'chiyankhulo cha komweko. Chimene sindinkakondwera nacho pa wailesi zina ndi kulandira ndalama ya uthenga wa katemera m'mawa, madzulo n'kugulitsa nthawi kwa munthu wolonjeza mankhwala ochiza chilichonse. Ndikumvetsa kuti malonda a mashopu, malo ogona alendo ndi madansi anali atauma, mauthenga olipiridwa ndi boma ndi mabungwe ndiwo ankagula magetsi. Komabe womvera samadziwa kuti mawu awa ndi olipira, awa ndi a wailesi. Kwa iye zonse "anena pa wailesi".

Poti muli pa wailesi pomwepo, yankho la dera lanu muli nalo pafupi kuposa ine. Pemphani buku la mapologalamu ndi malisiti a otsatsa malonda a 2019, 2020 ndi 2021, komanso mauthenga a omvera ngati anasungidwa. Musawerenge mauthenga okha, werengani manambala osiyana amene anatumiza ndi midzi imene ankatchula. Miyezi ya Febuluwale mpaka Juni 2020 muiike padera chifukwa cha chisankho, ndipo muyerekeze Januwale 2021 ndi Januwale 2019. Mukatero mupite nazo kwa abwanawo, ndipo mundilemberenso zimene mwapeza.