Funsani Dokotala: Kodi Mafuta Onunkhira a Bulugama Ndingamwetse Mwana?

Funso: Adokotala, mnzanga wandipatsa kabotolo ka mafuta onunkhira a bulugama ndipo akuti ndidonthezere m'madzi n'kumwetsa mwana wanga wa zaka 3 amene ali ndi chimfine. Iye akuti poti ndi ochokera m'masamba, sangavulaze. Kodi m'mafutawa muli chiyani, nanga amawapanga bwanji? Ndine mayi wa ana awiri.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanamupatse. Chonde musamumwetse ngakhale dontho limodzi.

Mafuta amenewa ndi osiyana ndi ophikira. Mukadontheza ochepa papepala, amauluka okha osasiya banga, ndipo n'chifukwa chake fungo lawo limamveka patali. Chomera chimawasunga m'timatumba ting'onoting'ono ta m'masamba, m'maluwa kapena m'makoko a zipatso. Mukathyola tsamba la bulugama n'kulipenya padzuwa, mudzaona timadontho towala, timeneto ndiye timatumbato. Mankhwala ambiri a m'mafutawa ali m'gulu lotchedwa terpenes, koma chomera chilichonse chili ndi ake amene amachuluka. M'mafuta a bulugama ogulitsidwa ngati mankhwala mumachuluka mankhwala otchedwa cineole, pafupifupi magawo 70 kapena kupitirira pa 100 alionse, pamene m'mafuta a zomera zina mumachuluka ena: mu peppermint muli menthol, mu clove muli eugenol, ndipo mu thyme muli thymol.

Njira yodziwika yowapezera ndi kutcheza. Masamba amawaika m'chiwiya chotseka bwino n'kulowetsamo nthunzi yotentha, yomwe imaphulitsa timatumba tija n'kunyamula mafutawo kudzera m'paipi yoziziritsidwa ndi madzi. Nthunziyo ikazizira imasanduka madzi, mafuta n'kuyandama pamwamba, ngakhale ena monga a clove amamira. A malalanje ndi mandimu amangofinya kuchokera m'makoko. Chimene ndikufuna mugwiritse n'chakuti pamafunika masamba kapena maluwa ochuluka zedi kuti patuluke mafuta ochepa: kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi imafuna matani atatu kapena kupitirira a maluwa. Choncho kabotolo kanuko kaunjika mphamvu ya mulu waukulu wa masamba, ndipo sikafanana ndi madzi owiritsiramo tsamba limodzi kapena awiri.

Sindikunena kuti mafutawa ndi opanda ntchito. Makapisozi a peppermint, okutidwa mwapadera kuti asungunukire m'matumbo, amachepetsa kupotokola ndi kudzimbidwa kwa akuluakulu odwala matenda a m'matumbo otchedwa IBS. Madokotala a mano akhala akugwiritsa ntchito eugenol kwa zaka zambiri poziziritsa dzino lopweteka. Menthol ndi cineole zimachititsa munthu kumva ngati mphuno yatseguka, koma sizipha kachilombo ka chimfine, komwe thupi limathana nako lokha pakatha sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Aliyense wokuuzani kuti mafutawa amachiza malungo, shuga kapena khansa akukusocheretsani, ndipo zimandiwawa mtima odwala akasiya mankhwala awo chifukwa cha mawu otere.

Kwa mwana, mafuta a bulugama osakwana n'komwe supuni yaing'ono angathe kumusanzitsa, kumulefula, kumugwetsa ngati wa khunyu kapena kumukomola, nthawi zina ola limodzi lisanathe. Mafuta a chomera china chotchedwa wintergreen ndi oopsa kuposa pamenepo, chifukwa supuni yaing'ono imodzi, mamililita 5, ili ndi mphamvu yoposa mapiritsi 20 a aspirin. Mwana akamwa mwangozi musamusanzitse, poti mafutawo angalowe m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala, mutenge ndi botololo kuti achipatala aone zimene wamwa. Musamupakenso kumaso kapena m'mphuno.

Inuyo akuluakulu mukafuna kudzola, sakanizani dontho limodzi kapena awiri ndi supuni yaing'ono ya mafuta wamba odzola, ndipo yesani kaye pakhungu la kudzanja. Mayi woyembekezera ndiponso munthu wa mphumu ayambe wafunsa dokotala.

Mwana wanuyo mupatseni zakumwa zambiri, apume mokwanira, ndipo mphuno ikatseka mudonthezereni madzi a mchere ogula ku famase. Mukaona kuti akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati popuma, thupi latentha kwambiri kapena akukana kumwa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kabotoloko kasungeni pamwamba potsekedwa, pomwe ana anu onse awiri sangafikire.