TV yanu sinafe, vuto ndi chingwecho

Achimwene, mwafunsa za TV imene ikungolemba "No Signal" mukailumikiza ku kompyuta. TV imeneyo musathamangire kupita nayo kwa aliyense. "No Signal" ameneyo ine ndikumudziwa, ndipo mwanena nokha kuti chingwe chanu chili ndi mutu wabuluu mbali ya kompyuta, mbali ya TV ndi HDMI. Vuto lagona pomwepo.

Inenso wondigulitsa chingwe chotere analumbira kuti chimagwira pa TV iliyonse. Nditalumikiza, mdima wokhawokha. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilozera kwa bambo wina wokonza ma TV. Atafika kunyumba sanafunse n'komwe kuti kompyuta ndi yamtundu wanji, chingwecho sanachigwire. Anangodinadina rimoti n'kunena kuti bodi yapsa. Pomwepo n'kuigoneka TV chafufumimba patebulo, popanda ngakhale kuyala nsalu, n'kuyamba kumasula masikuluwu. Ine ndikuti bambo, TV iyi ndi dikoda ikuonetsa bwinobwino, iwo amvekere, "Mukufuna mundiphunzitse ntchito?" Ana ali chilili kuyang'ana, akazi anga akundiponyera diso kuti muletseni. Pochotsa chivundikiro anakoka mwamphamvu, ndinamva kuti thee! mkatimo. Atabwezeretsa n'kuyatsa, pa sikirini panali mzere wobiriwira kuchokera pamwamba mpaka pansi, mzere umene m'mawa mwake panalibe. Masikuluwu ena anatsala patebulo. "No Signal" ali pomwepo. Ndipo munthuyo anatambasulabe dzanja kuti ndimulipire, ati ya mayendedwe. Foni yanga anasiya kuyankha, mzere uja ulipobe. Anthu otere amawononga katundu amene wina anamuvutikira, iwo n'kukagona tulo tabwino. Zimandiwawa kwambiri.

Chingwecho sichingagwire ngakhale mutasintha TV. Mutu wabuluu wa timapini 15 uja ndi VGA, wakalekale, kampani ya IBM inautulutsa mu 1987, ndipo umatumiza chithunzi mwa analogi. HDMI ndi ya digito. Waya payekha sangasandutse analogi kukhala digito, pamafunika kabokosi kokhala ndi chipangizo mkati. Pogula werengani bwino zolembedwazo: inu mukufuna "VGA to HDMI". Ka "HDMI to VGA" kamaoneka chimodzimodzi koma kamayenda njira imodzi yokha, ya kwina, sikakuthandizani. Koyenerako kawirikawiri kamakhala ndi chingwe cha USB chotengera magetsi ndi china cha 3.5mm chokalowa pa bowo la mahedifoni, chifukwa VGA sinyamula mawu.

Koma musanagule kanthu, tembenuzani kompyutayo muone kumbuyo. Mwina HDMI ilipo, ndiye nkhani yatha, chingwe chimodzi chitenga chithunzi ndi mawu omwe. Ngati pali DVI, bowo lalitali loyera lija, chingwe wamba cha DVI kupita ku HDMI chimagwira, kungoti nthawi zambiri mawu sabwera. Pali linanso lofanana ndi HDMI koma lodulidwa ngodya imodzi yokha, imeneyo ndi DisplayPort, musakakamize. Ngati kompyuta ili ndi graphics card, kadi yapadera yoyendetsa zithunzi, lumikizani pa mabowo a kadiyo m'munsimo, chifukwa apamwamba a motherboard, bodi yaikulu ya kompyuta, nthawi zambiri amakhala chete. Onaninso kumbuyo kwa TV, zambiri zakale zili ndi VGA yolembedwa "PC" kapena "RGB". Bowo lachikasu la AV lisiyeni, chithunzi chake sichioneka bwino moti zilembo simungaziwerenge.

Zimitsani zonse ziwiri polumikiza. Mukayatsa, dinani Source kapena Input pa rimoti, musankhe nambala ya HDMI imene mwalowetsa chingwe, osati ina iliyonse. Pa kompyuta dinani batani la Windows ndi P pamodzi, musankhe Duplicate. Ikakanabe kapena ikalemba kuti siikuzindikira, pa kompyutapo ikani resolution, kukula kwa chithunzi, pa 1920x1080 ndi 60Hz, ndipo ngati TV ndi yaing'ono ya HD Ready yesani 1366x768 kapena 1280x720. M'mbali mwa chithunzi mukadukaduka, taskbar, kamzere ka m'munsi kaja, osaoneka, lowani mu menyu ya TV pa Picture Size kapena Aspect Ratio, pa LG zambiri ndi Just Scan, pa Samsung ndi Screen Fit. Mawu akamatulukabe pa kompyuta, dinani kasipika ka pakona paja musankhe dzina la TV.

Zonsezi zikakanika, apo musalimbane nayo nokha, pezani wokonza ma TV, alipo odziwa ntchito yawo. Koma mutenge kompyuta ndi chingwe chomwe, ayese muli pomwepo, ndipo asamasule sikuluwu ngakhale imodzi asanayese ndi chingwe china. Jambulani kumbuyo kwa kompyutayo ndi kwa TV muike pano, ndikuuzani choti mugule.