Mafunso ndi Mayankho: Timu yathu yatsala pang'ono kukwera ligi, ife ochemerera tichitepo chiyani?

Funso: Zikomo akonzi pondipatsa mpata. Ine ndine bambo wa zaka 44, ndimachita geni ya zinanazi ndi nthochi pamsika wa Limbuli ku Mulanje, ndipo ndili mukomiti ya ochemerera timu ya kwathu kuno, yomwe ikusewera mu ligi ya chigawo chakumwera. Timuyi idayambira ku mabonanza a pa Khirisimasi, ndipo ambiri mwa anyamata athu ndi a kabaza, othyola tiyi m'maesiteti ndi ana a sukulu za sekondale. Chaka chino zatiyendera, moti tili pa nambala yachiwiri, kusiyana mapointi awiri okha ndi timu yomwe ikutsogola, ndipo kwatsala masewero asanu ndi limodzi, anayi mwa iwo okasewerera koyenda. M'malo mokondwera, mukomiti mwabuka kusamvana. Ena akuti ndalama zomwe tasonkha tisunge kuti tidzapereke bonasi yaikulu tsiku lomwe tidzakumane ndi otsogolawo, ena akuti tibwereke osewera awiri odziwika a ku Blantyre adzatithandize masewero otsalawa, pomwe msungichuma wathu akuti kukwera ligi n'kudziputira mavuto, pakuti walira mvula walira matope. Tithandizeni nzeru. — Wochemerera, Limbuli

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi kukuyamikirani, chifukwa kufikitsa timu ya anyamata a kabaza ndi othyola tiyi pa nambala yachiwiri ligi ili kumapeto si chinthu chapafupi. Maganizo anga ndi akuti ndalama zomwe mwasonkhazo zipite ku mayendedwe ndi chakudya cha masewero onse asanu ndi limodzi, zisadikire tsiku limodzi.

Tawerengani nane. Masewero otsalawo ali ndi mapointi 18, ndipo 12 mwa mapointiwo ali koyenda. N'zoona kuti mukagonjetsa otsogola mumawalandanso mapointi awo, koma phindu la tsiku limenelo limatha ngati sabata yotsatira mwakagonja kwa timu yomwe ili kumchira kwa ligi chifukwa anyamata adafika mochedwa ndiponso ndi njala. Izi ndidaziona ndi maso. Chaka china ndidakwera nawo lole ya timu ina ya m'boma lanu lomwelo, yomwe inkapita kukasewera ku Chikwawa. Tidagwirizana zonyamuka pa Chitakale 6 koloko m'mawa, koma mwini galimoto adakana kuliza injini asanaone ndalama ya mafuta m'manja mwake, ndipo mlembi wa timu adayamba kulowa sitolo ndi sitolo kope lili m'khwapa. Tidanyamuka cha m'ma 10 koloko. Anyamata adadya mandasi awiriawiri ndi nzimbe pa Thabwa, adavalira majezi pamwamba pa lole, ndipo adatsika miyendo itachita dzanzi oyimbira ali kale pakati pa bwalo. Anthu ozolowera kamphepo ka kunsi kwa phiri adalowa m'kutentha kwa kuchigwa opanda ndi madzi akumwa okwanira omwe. Chigawo choyamba adalimbikira, koma chachiwiri adamwa zigoli zitatu, ndipo pobwerera ochemerera ankanyoza goloboyi ulendo wonse, chonsecho masewerowo adali atatayika kale pa Chitakale m'mawa uja.

Choncho khalani pansi sabata ino, lembani maulendo anayiwo, funsani mtengo wa galimoto pa ulendo uliwonse, ndipo perekani gawo la ndalamazo kwa mwini galimoto kudakali masiku, kuti tsiku la ulendo pasadzakhale zokambirana. Amayi a mukomiti aphike nsima kapena mpunga woti anyamata adye kutatsala maola atatu kuti masewero ayambe, ndipo pakhale munthu mmodzi yemwe ntchito yake ndi madzi akumwa basi. Muganizirenso kuti mnyamata wa kabaza akapita nanu ku ulendo wa tsiku lonse amataya ndalama ya ndiwo ya tsiku limenelo, ndipo wothyola tiyi amataya makilogalamu omwe akadayeza. Bonasi yochepa, yofanana kwa onse, yoperekedwa madzulo a tsiku lomwelo, imamuthandiza kuposa lonjezo lalikulu lomwe likudalira kuti timu ipambane kaye. Lonjezo lotere likalephereka, anyamata amanyanyala zokonzekera, ndipo amanyanyala pa nthawi yomwe mukuwafunitsitsa.

Za kubwereka osewera a ku Blantyre ndikukuletsani ndithu. Wosewera aliyense mu ligi yovomerezeka amalembetsedwa ku timu imodzi, ndipo masiku ano bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM limasunga maina a osewera pa makina a Mpira Connect, moti n'kosavuta kuona ngati munthu adalembetsedwa kwina. Kusintha timu kumachitika pa nyengo yomwe msika wogula ndi kugulitsa osewera watsegulidwa, ndipo kunja kwa nyengo imeneyo wosewera wa ganyu ndi wosaloledwa. Timu yomwe ikulimbirana nanu malo ikadzangomva mphekesera idzakadandaula ku SRFA, bungwe loyendetsa mpira m'chigawo chakumwera, ndipo mapointi omwe mwakhetsera thukuta adzachotsedwa patebulo. Wosewera wodziwika ndiyenso wosavuta kumuzindikira, chifukwa lero aliyense ali ndi foni yojambula, ndipo chithunzi chimafika pa Facebook masewero asanathe. Kuonjezera apo, mudzamuuza chiyani mnyamata yemwe wasewera chaka chonse pa bwalo lamatope m'nyengo ya chiperoni, mukadzamukhazika panja kuti mlendo alowe? Pa nkhani yomweyi ya mapointi otayika muofesi, sankhani munthu wosamala kulemba kuti azisunga kaundula wa makadi achikasu ndi ofiira, chifukwa kuseweretsa wosewera yemwe ali pa chilango kuli ndi mlandu wofanana. Mlembi wanu apemphenso malamulo a ligi a chaka chino olembedwa papepala, muone bwino kuti akukwera ndi matimu angati, ngati pali ndime ina yachipulula pamapeto, komanso chomwe chimachitika matimu akafanana mapointi. Kawirikawiri amayang'ana kusiyana kwa zigoli, ndiye ngati mukutsogola 2-0 pakwanu, limbikitsani anyamata kuti afunefune chachitatu.

Msungichuma wanu musamutenge ngati mdani wa timu, chifukwa zomwe akunena zili ndi mutu. Kwa zaka zambiri timu yomwe yapambana ligi ya chigawo inkalowa mu Super League, ligi yaikulu ya dziko lino, mwachindunji. Umu ndi momwe idalowera timu ya FOMO ya konko ku Mulanje, yomwe idapambana ligi yakumwera mu 2023, ndipo mu 2024 idasewera mu ligi imodzi ndi FCB Nyasa Big Bullets, Mighty Wanderers ndi Silver Strikers, pakwawo pali pa Mulanje Park. Pakutha pa chaka chomwecho idatuluka mu ligiyo. Mu ligi ya matimu 16 timu iliyonse imasewera masewero 30, ndipo ulendo wochokera ku Mulanje kukafika ku Karonga ndi wa makilomita oposa 800 kupita kokha, kutanthauza basi yodalirika, malo ogona ndi chakudya cha anthu oposa makumi awiri kwa masiku angapo. Kuyambira mu 2025 pali ligi ina ya dziko lonse, National Division League, yomwe ili pakati pa maligi a zigawo ndi Super League, choncho maulendo aatali amayamba timu isanafike ndi pamwamba penipeni. Komanso pamene timu ikukwera, amaifunsa zambiri: mphunzitsi wa chiphaso choyenera, makontirakiti a osewera olembedwa, bwalo lovomerezeka, kulembetsa timu mwalamulo ndi mabuku a chuma omveka bwino.

Pomwe ndikusiyana naye ndi pa mathero a nkhani yake. Matope akawopsa sitileka kudzala, timakonza ngalande. Mpatseni iyeyo ntchito yolemba bajeti ya chaka chamawa kuyambira lero, ngati kuti mwakwera kale, ndipo akaimaliza mupite nayo kwa eni masitolo a pa Limbuli ndi pa Muloza, eni maminibasi, akuluakulu a maesiteti ndi ana a kwanuko omwe akugwira ntchito m'tauni. Nthawi yabwino yopempha thandizo ndi ino, pamene timu ikupambana ndipo dzina lake lili pakamwa pa aliyense mumsika. Munthu wa bizinesi amamasuka kupereka akaona pepala lonena kuti ulendo wakutiwakuti ukufuna ndalama zakuti, ndipo ambiri amakonda kulipira chinthu chooneka, monga mafuta a ulendo umodzi kapena mipira isanu, kusiyana ndi kuponya ndalama m'thumba losadziwika kamwa lake.

Izi zikundifikitsa pa chinthu chomwe chimapha matimu ambiri a m'madera kuposa kugonja, chomwe ndi ndalama zoyenda mumdima. Tsegulani nambala imodzi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yodziwika kuti ndi ya timu, ndalama zisamatuluke popanda anthu awiri kuvomereza, ndipo zonse zolowa ndi zotuluka muziwerenga poyera pakutha pa masewero a pakwanu, monga amachitira amayi ku banki m'khonde. Anthu 100 opereka K2,000 mwezi ndi mwezi amabweretsa K200,000 yomwe mungaidalire, ndipo timu yotere siigwa tsiku lomwe bwana mmodzi wakwiya kapena chisankho chadutsa. Andale akabwera ndi yunifomu landirani, koma timu ikhalebe ya anthu a pa Limbuli.

Funso: Mwana wanga amasewera kumbuyo mu timu ina ya kuno ku Thyolo yomwenso ikulimbirana malo okwerera ligi. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti anyamata ena ochemerera ayamba kutseka chipata kuti alendo alowere podumpha mpanda, amathira madzi osadziwika pagolo, ndipo sabata yatha adathamangitsa oyimbira mpaka kumsewu. Akuti akuteteza timu. Kodi ine monga kholo ndingalankhulepo? — Mayi wodandaula, Luchenza

Yankho: Mayi, muli ndi ufulu wonse wolankhula, ndipo ndikupemphani kuti mulankhule msanga, masewero ena a pakwanu asanafike. Oyimbira akamaliza masewero amalemba lipoti, ndipo lipotilo ndi lomwe komiti yosungitsa mwambo imagwiritsa ntchito. Timu imayankha mlandu pa zochita za ochemerera ake, ndipo chilango chimatha kukhala chindapusa, kutsekedwa kwa bwalo, kapena kupereka mapointi kwa alendo ngati masewero sadathe chifukwa cha chisokonezo. Bwalo likatsekedwa, masewero a pakwanu amasanduka a koyenda, ndipo ndalama ya galimoto yomwe simudaikonzekere imachoka m'thumba lomwelo lomwe limayenera kudyetsa mwana wanu. Musaiwalenso kuti alendo omwe adumphitsidwa mpanda lero ndi omwe adzalandire mwana wanuyo kwawo, ndipo amene adzalipire ngongole ya chipongwecho ndi iyeyo ndi anzake khumi m'bwalo, pomwe otseka chipata aja atatsala kunyumba.

Musapite nokha kukakangana ndi anyamatawo pabwalo. Pezani makolo anzanu awiri kapena atatu, mukaonane ndi wapampando wa timu pamodzi ndi a mfumu, ndipo pempho lanu likhale lomveka: pasankhidwe akuluakulu odziwika oti azilandira alendo pachipata ndi kuperekeza oyimbira mpaka atakwera galimoto, ndipo apolisi kapena achitetezo cha m'mudzi azidziwitsidwa tsiku la masewero lisanafike. Anyamata ovutawo nthawi zambiri amakhala okonda timu kwambiri, ndiye apatsidwe ntchito ina, monga kuimba ng'oma, kutchetcha bwalo ndi kulemba mizere ya laimu. Za madzi othira pagolo, ndalama yomwe imapita kumeneko ikadagula bandeji ndi mankhwala opaka wosewera akabinya mwendo. Ngati oyimbira alakwitsadi, mlembi alembe dandaulo ku SRFA m'masiku omwe malamulo amalola.

Funso: Ndine mnyamata wa ku Thekerani koma ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Timu ya kwathu ikuchita bwino ndipo ndikufuna kutumiza thandizo. Anzanga akuti ndigule yunifomu yatsopano. Kodi n'chimene chikufunika kwambiri? — Wa kutheba

Yankho: Achimwene, musanagule kanthu imbirani foni mphunzitsi wa timuyo, chifukwa iyeyo ndiye akudziwa chomwe chikusowa pa zokonzekera za tsiku ndi tsiku. Yunifomu imaoneka bwino pa chithunzi, koma kawirikawiri timu ya kumudzi imakhala nayo kale ngakhale yofwifwa, pomwe anyamata atatu kapena anayi akubwerekana nsapato, goloboyi akugwira ndi manja opanda magolovesi, ndipo timu yonse ikukonzekera ndi mpira umodzi wosokedwasokedwa. Pemphani masaizi a nsapato a wosewera aliyense alembedwe, mugule zoteteza miyendo, magolovesi ndi mipira ingapo ya saizi 5 pamodzi ndi pampu yake. Katunduyo akafika, alandiridwe pamaso pa komiti ndi osewera, alembedwe m'kope kuti ndi wa timu, ndipo nsapato zizibwerera kwa wosunga katundu masewero akatha. Ngati katundu angachedwe panjira ligi n'kutha asanafike, tumizani ndalama ya galimoto ya ulendo umodzi, makamaka poti kuchokera ku Thekerani kukafika pa Thyolo boma ndi mtunda kale, ndipo muuze msungichuma akutumizireni chithunzi cha lisiti.