Mzere wofiira wa pa kompyuta musaudalire, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati m'kalata yofunsira ntchito mulembe "colour" kapena "color", komanso pulogalamu yabwino yokonzera Chingerezi.

Lembani "colour". Kuno kwathu sukulu ndi mayeso a MANEB zimatsata Chingerezi cha ku Britain, ndiye ndi "centre", "labour", "cheque", "programme". Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Chingerezi cha ku America, moti ukalemba "colour" mu Word amakujambulira mzere wofiira kunsi ngati walakwa. Pitani pa Review, kenako Language, musankhe cha United Kingdom. Ndipo musasakanize, "colour" pamwamba, "center" pansi.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Palibe bwana amene angataye kalata yanu chifukwa cha "color". Chondipweteka ine chinali china. Nditamaliza maphunziro ndinafunsira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina. Ndinapita ku malo otayipira, mnyamata anatayipa bwinobwino, tsamba lonse loyera, lopanda mzere wofiira ndi umodzi womwe. Tsiku la intavyu, bambo wina mwa ofunsawo anakweza CV yanga n'kuwerenga mokweza kuti pa ntchito yanga yakale ndinali "responsible for correcting fees". Kenako anandifunsa kuti, "Kodi fiziyo inkalakwa chiyani kuti muziikonza?" Onse anaseka, ine thukuta kamukamu. Ndimafuna kunena "collecting", kutolera. Ntchitoyo sindinaipeze, ndipo ngakhale sindinganene kuti chifukwa chake chinali chimenecho, mafunso otsatira ndinayankha mtima uli m'malere.

Kompyuta sinandichenjeze chifukwa "correct" ndi "collect" onse ndi mawu enieni. Ife olankhula Chichewa apa ndiye pogwera pathu, poti m'chinenero chathu l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu. Kaya munthu anene "kulira" kaya "kurira", timamva chimodzimodzi. M'Chingerezi "play" ndi kusewera, "pray" ndi kupemphera, "rice" ndi mpunga, "lice" ndi nsabwe. Mukamaliza kalata, fufuzani liwu lililonse lokhala ndi l kapena r, limodzilimodzi, chala chili pa pepala.

Enanso odutsa pa kompyuta osagwidwa ndi "lose" ndi "loose", loyamba kutaya, lachiwiri chinthu cholefuka kapena chosamanga. "Stationery" ndi mapepala ndi zolembera, "stationary" ndi chinthu choima malo amodzi. Yendani m'tauni muwerenge zikwangwani za mashopu, muona okha angati akugulitsa zinthu zoima. "Advice" ndi dzina, "advise" ndi mneni, ndipo poti awiriwa amamveka mosiyana, ndimawagwiritsa ntchito kukumbukira kuti ku Britain "practice" ndi "licence" ndi mayina pomwe "practise" ndi "license" ndi aneni. Za "borrow me" n'zochokera kwathu komwe, liwu limodzi loti kubwereka limagwira mbali zonse ziwiri, pomwe kwa azungu wopereka ndi "lend", wolandira ndi "borrow".

Amene akuti mungoponya kalatayo m'mapulogalamu ngati Grammarly kapena ChatGPT basi mwathana nazo, chabwino, zimathandiza. Koma ngati simukudziwa chifukwa chake zakusinthirani liwu, mudzavomera chilichonse, ndipo ku intavyu foni siyankhira munthu. Ndaonapo makalata otuluka mmenemo, Chingerezi chake chosalala ngati cha nduna, mwini wake atafunsidwa tanthauzo la liwu limodzi n'kungoyang'ana kudenga.

Ine chimene ndimalangiza aliyense ndi Oxford Advanced Learner's Dictionary. Ubwino wake inalembedwera anthu ophunzira Chingerezi ngati ife, imaonetsa kalembedwe ka ku Britain ndi ka ku America pamodzi, imapereka ziganizo zachitsanzo, ndipo imakuuzani mayina amene salandira "s" pochulukitsa, kuti musadzalembenso "informations", "equipments" kapena "furnitures". Yanga ndinagula yakale kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, cha m'ma K8,000 ngati ndikukumbuka bwino, koma kunali kwacha isanagwe mu 2023, ndiye panopa konzekerani kuwirikiza kangapo. Musanapereke ndalama tsegulani pakati ndi kumapeto, zina zimakhala zothothoka masamba, zina zosindikizidwa mwachinyengo zilembo zake zosaoneka. Tizidikishonale ta m'thumba tija tisiyeni, timangopereka tanthauzo popanda chitsanzo. Ngati ndalama palibe, yomweyo ili pa intaneti yaulere, bandulo yokha basi.

Poti ndi kalata ya ntchito, mukayamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam" mutseke ndi "Yours faithfully", mukatchula dzina la munthuyo mutseke ndi "Yours sincerely". Pa "Yours" palibe kachizindikiro kam'mwamba kaja, ngakhale ambiri amakakamira "Your's". Musayambenso ndi "Am writing", zimenezo n'za pa WhatsApp, ikani "I" patsogolo. Potumiza isandutseni PDF, kuopa kuti ingakatseguke pa kompyuta ya ku ofesiko ili mizere yofiira yokhayokha.