Kodi zofunkhidwa pa nkhondo zimabwerera kwawo?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Tsiku lina tikudutsa pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles), mdzukulu wanga anandifunsa ngati zinthu za makolo zimene magulu ankhondo ankalanda kale, monga mipando ya mafumu ndi zosemasema, zimabwezedwa kwa eni ake. Ndinasowa chomuyankha.

YANKHO: Aphunzitsi, muwauze adzukulu anuwo kuti zina zimabwezedwa ndithu, koma nthawi zambiri amene anazilira amakhala atatsikira kulichete. Pangano la ku The Hague la 1954 limaletsa kufunkha kapena kuwononga chuma cha chikhalidwe pa nkhondo, ndipo la UNESCO la 1970 limalimbana ndi malonda a zinthu zakuba, koma mapangano onsewa sakhudza zimene zinatengedwa iwo asanayambe kugwira ntchito. N'chifukwa chake zolandidwa m'nthawi ya atsamunda zimabwera mwa kukambirana kwa maboma, ndipo wolandidwayo ndi amene amakhala ngati wopempha, chinthu chomwe kwa ife sichimveka bwino.

Nkhani yapafupi ndi ya Mkwawa, mfumu ya Ahehe ku Tanzania, amene analimbana ndi Ajeremani mpaka imfa yake mu 1898. Mutu wake unadulidwa n'kutengedwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, yomwe asilikali okumbukiridwa pa chipilala chija anamenya nawo, pangano la ku Versailles la 1919 linalamula Germany kubweza chigazacho pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, koma panapita zaka 35. Bwanamkubwa wa Tanganyika, Edward Twining, anachita kupita yekha ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Bremen m'dziko la Germany, kumene anapeza zigaza zambirimbiri, nasankhapo chimodzi chokhala ndi bowo la chipolopolo. Chinafika kwawo mu 1954 ndipo chimasungidwa ku Kalenga pafupi ndi Iringa, ngakhale ena amakayikabe ngati chilidi cha mfumuyo.

Chipilala chamwala cha ku Axum, chotalika mamita pafupifupi 24, asilikali a Italy anachitenga ku Ethiopia mu 1937 n'kukachiimika ku Rome. Chinabwerera pa ndege mu 2005 chili m'zigawo zitatu, ndipo anachiimikanso mu 2008.

Masiku ano zinthu zayambako kuyenda. Mu 2021 France inabweza ku dziko la Benin zinthu 26 zimene asilikali ake anafunkha ku Abomey mu 1892, ndipo mu 2022 Germany inapereka kwa Nigeria umwini wa zinthu zoposa 1,000, zambiri mwa izo zamkuwa, zomwe Angerezi analanda mu 1897 ku Benin City, mzinda wa ku Nigeria komweko. Komabe British Museum ikusungabe mazanamazana a zinthu za ku Benin City, ponena kuti lamulo la 1963 siliilola kupereka katundu wake.