Ayi achemwali, sitima ya pansi pa nthaka kunalibe

Mayi wina wanditumizira imelo akuti atsutsana ndi mwana wawo, mwanayo akuti akapolo a ku America ankathawa pa sitima yoyenda pansi pa nthaka chifukwa wamva dzina loti Underground Railroad, ndiye akufuna ndiweruze. Achemwali, mlanduwu mwawina ndinu. Njanji kunalibe. Chapansi chokha nchoti anthuwo ankayenda wapansi, usiku, kutsata nyenyezi ya kumpoto, masana nkubisala m'madambo kapena m'nyumba za anthu ofuna kwabwino. Mawu a njanjiwo anali okuluwika basi, nyumba yobisalamo ankati siteshoni, woperekeza ankati kondakitala.

Kondakitala wotchuka ndi Harriet Tubman. Anathawa ukapolo ku Maryland mu 1849 nkukafika ku Philadelphia, mzinda wa kumpoto kopanda ukapolo, ndiye mmalo mokhala phee mayiyu anabwereranso komweko maulendo pafupifupi 13 nkutulutsa anthu pafupifupi 70, ambiri abale ake ndi anzake, mpaka makolo ake okalamba anakawatenga mu 1857. Nzeru zake ndimagoma nazo. Ankakonda nyengo yozizira poti usiku umatalika, ndipo ankanyamuka Loweruka usiku podziwa kuti chidziwitso cha kapolo wothawa sichituluka mu nyuzi mpaka Lolemba. Mfuti ankayenda nayo, osati ya adani okha ayi, komanso ya munthu amene watopa nkuyamba zoti ndibwerere, chifukwa wobwerera akamukwapula aulula onse.

Zinavuta kwambiri mu 1850 boma litakhazikitsa lamulo loti wothawa agwidwe ngakhale ali kumpoto kopanda ukapolo, womubisa naye alangidwe. Apa ulendo unatalika mpaka ku Canada, Tubman ankakawasiya ku St. Catharines.

Chimandinyansa ine nchoti nkhaniyi ena amaikamba ngati azungu achifundo ndi amene ankachita zonse. Inde azungu a mpingo wa Quaker ngati Levi Coffin anabisa anthu ambiri, sindikukana, koma chigawo choopsa chenicheni, kuchoka pamunda wa bwana agalu ali pambuyo, munthu nthawi zambiri ankachiyenda yekha. Komanso olandira ambiri anali akuda anzawo. William Still ku Philadelphia ankalemba mbiri ya ofika kuti abale adzapezane, ndipo chinamuyambitsa nchoti tsiku lina mu 1850 kunabwera bambo wina kufunsa za makolo ake omwe anasiyana nawo zaka zoposa 40. Still akumvetsera mayina akutchulidwawo anangozindikira kuti akulankhula ndi mkulu wake weniweni, Peter. Imeneyi mumufotokozere mwanayo.