Funsani Azakhali: Kodi kukonda kukhala wekha ndi matenda?

Azakhali, ndine mayi wa zaka 34, ndimagwira ntchito mtauni muno mu Zomba ndipo ndimakhala ndekha ku Matawale. Loweruka likakwana mtima wanga umangofuna kutseka chitseko, kuthira tiyi nkutenga buku basi. Ma bridal shower ndinasiya kupita, ku zinkhoswe ndimangotumiza ndalama pa foni, pa gulu la WhatsApp la kwathu ndimangowerenga osayankha. Nde abale ayamba kuyankhula, akuti ndimadzimva chifukwa cha sukulu, amayi akabwera kuchokera ku Jali nyimbo yake ndi yoti kali kokha nkanyama, mpaka wina anafunsa ngati sindinalodzedwe. Ine ndimaona ngati ndili bwinobwino, koma pena ndimadzifunsa, kodi ndikudwala osadziwa?
Wokonda mabuku, Matawale

Mwana wanga, za kulodzedwazo tichotse kaye, mfiti yake iti yomwe ingavutike usiku wonse kuti munthu azikonda kuwerenga. Funso lenileni ndi ili: ukatseka chitsekocho Loweruka, Lolemba umadzuka uli bwanji? Ngati umadzuka thupi lapepuka, kuntchito ukuseka ndi anzako, nsima ikulowa, tulo tikubwera, nde iwe sukudwala, wangokhala munthu amene amapuma akakhala payekha, ndipo anthu otero alipo ambiri kungoti kuno timawachititsa manyazi mpaka amabisala.

Koma pali kutseka chitseko kwina komwe ine ndimakuopa. Munthu amatenga buku lomwelo koma tsamba silikusuntha, zomwe ankazikonda sizikumukomanso, kudya kwasintha, akugona kwambiri kapena tulo tathawiratu, akudziona ngati wopanda ntchito, foni ikalira mtima ukugunda. Zikakhala choncho pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, madokotala amati ndi matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Ukatero pita kuchipatala cha pafupi ndi kabuku kako ukafotokoze monga momwe ungafotokozere malungo. Ndikudziwa, ife a ku Zomba timachita mantha chifukwa chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili konkuno ndipo dziko lonse limatiseka nacho, nde munthu amaopa kuti akamuona akulowera uko nkhani ifika kumudzi iye asanatuluke. Koma ambiri amathandizidwa ndi uphungu kapena mankhwala ali kunyumba kwawo, osagonekedwa. Maganizo ofuna kudzichotsera moyo akangobwera, pamenepo usadikire masabata awiriwo, uuze munthu tsiku lomwelo.

Amayi akonso ndisawaponde, mwambi wawowo si wabodza. Iwo akuwerengera za mawa, tsiku lomwe udzadwale kapena kugweredwa zovuta, adzakusenzere ndani nkhuni. Nde ine ndikanakhala iwe ndikanasankha. Bridal shower ya munthu woti dzina lake lachiwiri sukulidziwa, yomwe akufuna nsalu ya yunifomu, envelopu, kenako perekaniperekani, isiye ndithu, palibe amene anafapo chifukwa chosapita. Koma maliro ndi matenda, mwana wanga, usatumize ndalama pa foni. Pita ndi chitenje chako ukakhale pansi ndi azimayi anzako olo maola awiri, ukatsuke nawo mbale. Anthu amaiwala amene sanavine pa ukwati, koma amene sanaoneke pa siwa amamusunga mumtima zaka.

Chinanso, kukhala pakati pa anthu si mankhwala paokha. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2025 linati munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amasungulumwa, ndipo vutoli ndi lalikulu kwa achinyamata komanso m'mayiko osauka, kutanthauza kuti ngakhale kuno komwe timagona asanu m'chipinda chimodzi anthu akusowa woti amuuze zakukhosi. Iwe ukhale ndi anthu awiri kapena atatu oti ukawaimbira pakati pa usiku adzayankha, amenewo uziwayendera, uziwaitana adzamwe nawe tiyiyo. Amayi akabweranso usakangane nawo, uwaperekeze ku Jali kamodzi, ukagone, abale akuone ndi maso.

*

Azakhali, ndine mnyamata wa chaka chachiwiri pa yunivesite ku Chanco, ndimakhala ku Chikanda. Ndakhala ndikuonera mavidiyo a pa TikTok ndi YouTube a anthu ochita bwino, onse akuti udzidzuka 4 koloko, kusamba madzi ozizira, kuthamanga, kuwerenga buku limodzi sabata iliyonse. Ndayesera koma mkalasi ndikumangosinza, ndipo ndikatsegula buku sindimaliza tsamba ndisanagwire foni. Mesho wanga, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, amangondiseka. Kodi ndine waulesi?
Wofuna kusintha, Chikanda

Iwe, tadzuka 4 koloko yomweyo tsiku lina upite ku Mpondabwino kapena ku msika waukulu ukaone. Amayi a mandasi adzuka kalekale mafuta ali pamoto, a kabaza ali pa msewu, ena atsika kale m'phiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ndipo madzi ozizira amasamba chaka chonse ngakhale mu June momwe Zomba imazizira mpaka mano kugundana. Kudzuka 4 koloko kukanakhala kolemeretsa bwenzi onsewa ali ndi nyumba ku Mulunguzi. Anthu a m'mavidiyowo sakuuza nthawi yomwe amagona, sakuuza kuti wina amawaphikira ndi kuwachapira, ndipo ambiri mwa iwo ndalama zawo zikuchokera kwa iweyo amene ukuwaonera, bandulo yako ndi imene ikuwadyetsa.

Ulesi ayi, iwe uli ndi tulo basi. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 usiku uliwonse, ndipo zomwe wawerenga masana ubongo umazikhazika bwino uli mtulo, nde ukagona 12 koloko uli pa foni nkudzuka 4 ukudzibera wekha, mayeso akadzafika udzaona ngati sunawerengepo. Ngati ukufunadi kudzuka mmamawa yambira kumadzulo, gona 9 koloko. Ngati ku Chikanda phokoso sililola, chabwino, gona 11 udzuke 6, palibe amene adzakufunse pa tsiku la graduation kuti unkadzuka nthawi yanji.

Za foniyo nde usadzinamize kuti udziletsa ili pambali pako. Mapulogalamu amenewa anawapanga dala kuti chala chisapume, kavidiyo kakatha kena kabwera kale usanaganize nkomwe, ndipo anawakonza ndi anthu ophunzira kwambiri amene amalipidwa kuti iwe usachoke. Mpatse mesho wakoyo foni aitsekere mu sutikesi kwa ola limodzi, popeza amakonda kuseka agwireko ntchito. Kapena isiye kunyumba upite ku laibulale ya pa sukulu ndi buku ndi cholembera basi. Masiku oyamba uzimva ngati wataya chinachake, dzanja lizingopita m'thumba lokha, zimatha.

Buku pa sabata lisiye kaye. Masamba 10 patsiku ndi masamba 300 pamwezi, limenelo ndi buku lathunthu, pachaka mabuku 12, ndipo ndikukuuza ambiri amene amajambulitsa mabuku pa Facebook safika pamenepo. Komanso bwanji nonse mumangothamangira mabuku a momwe ungalemerere? Mabuku amenewo mfundo yake imakhala imodzi, yatha pa mutu woyamba, kotsalako nkubwereza. Werengako nthano zazitali, mbiri ya dziko lino, ndakatulo, olo za Chichewa zomwe munkazithawa ku sekondale. Buku likakutopetsa pofika tsamba 50 lisiye utenge lina, si mayeso.

*

Azakhali, ndine bambo wa zaka 62, ndinapuma ntchito ya m'boma ndipo ndimakhala ku Chinamwali. Mayi a kunyumba anatisiya, ana ali ku Lilongwe wina ku Johannesburg. Kale ndinkawerenga nyuzipepala ndi Baibulo tsiku lililonse koma pano zilembo zikuoneka mbuu, mutu umandipweteka, nde ndimangokhala pa khonde ndi wailesi. Ana amatumiza ndalama koma tsiku limatalika.
Bambo wa ku Chinamwali

Pepani bambo ndi zovutazo. Ndiyambe ndi maso. Munthu akadutsa zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi, nchifukwa chake mumaona anzanu akutambasula dzanja powerenga meseji, ndipo magalasi owerengera amathetsa zimenezo. Koma musangogula a pa msika nkukhala, chifukwa pa msinkhu wanuwu ng'ala, shuga ndi BP nazonso zimaononga maso, ndipo BP imatha kukwera munthu osamva kalikonse. Pitani ku Zomba Central akakuyezeni maso, shuga ndi BP, muwauzenso za mutuwo. Ng'ala amachotsa ndi opaleshoni yaifupi anthu nkuyambanso kuona. BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana nde kuti yakwera, akakupatsani mankhwala musasiye poti mwayamba kumva bwino, ambiri amagwa ndi sitiroko chifukwa cha zimenezo. Mchere a WHO amati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi wa mu ndiwo momwe, nde kambale ka mchere ka patebulo kaja kachoke, ndipo nsomba zouma zothira mchere muziyamba mwaziviika.

Kenako miyendo. Mphindi 150 pa sabata zoyenda mwandawala ndi zomwe a zaumoyo amalimbikitsa, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Simukufunika kukwera mpaka ku Chawe kapena ku damu la Mulunguzi, msewu umenewo ngwa anyamata ndi ogulitsa mabulosi. Yendani mmawa dzuwa lisanakwere, mukagule nokha tomato mmalo motuma mwana wa aneba, pobwerera muime pa bawo olo simusewera, mukangokhalapo masiku atatu akupatsani mpando.

Poti munali m'boma, mwina simudziwa kuti chuma chili pafupi nanu. National Archives ili mu Zomba momwe muno kuyambira 1947, imasunga nyuzipepala zakale, mafailo a boma ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno, za nthawi yomwe likulu linali kuno lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975 zili mmenemo. Magalasi akapezeka kafunseni momwe munthu amalowera kukawerenga, tsiku lina mukhale pansi pa mitengo ku Botanical Gardens ndi kope muyambe kulemba zomwe munaona pa ntchito, mayina a midzi ya makolo anu, ndani anabereka ndani, chifukwa adzukulu obadwira ku Johannesburg adzafunsa ndipo wowayankha ndinu. Anawo auzeni mosabisa kuti ndalama zikufika koma muzifuna mawu, asankhe tsiku, kaya Lamulungu madzulo, aziimba pa vidiyo. Podikira magalasi, pemphani mwana wa sukulu wa pafupi azikuwerengerani nyuzipepala madzulo, inu muzimukonza Chingerezi.